MAI WAMASIYE NDI MAUTHENGA A PAKATI PA USIKU

Pa bwalo la mfumu mlandu wa kutukwana uyamba ndi funso limodzi limene silinasinthe kucokera masiku a makolo: "Anamva ndani?" Munthu akadandaula kuti mnzace wamuchula mfiti kapena wadama, akulu safulumira kuitana wolakwayo. Ayamba afuna mboni, pakuti mau a pakamwa apita ndi mphepo, ndipo amene anawanena angathe kuwakana m'mawa mwace ndi maso ouma gwa. Cifukwa ca ici anthu ambiri amene anatukwanidwa pa njira ya kumunda, popanda wacitatu, anali kungomeza malobvu ndi kubwerera kunyumba.

Lamya ya m'manja yabweretsa kutukwana kwa mtundu wina. Wotukwanayo safunikanso kuyenda. Angakhale ku Lusaka, ku Kitwe, kapena tsidya la dambo ali gone pa mphasa yace, mau ace alowa m'nyumba ya mnzace pakati pa usiku, citseko ciri cotseka, galu osauwa. Ambiri m'midzi aganiza kuti cinthu cotere ciribe mlandu cifukwa palibe anamva. Koma uthenga wolembedwa usunga tsiku, ola ndi nambala ya kumene wacokera, ndipo malamulo a dziko lino aulola kuimirira m'khoti monga mboni. Bvuto ndi lakuti munthu wobvutitsidwayo kawirikawiri ndiye ayamba kupha mboni yaceyo ndi cala cace, asanadziwe kuti inali mboni.

Mai amene nkhani yace ilembedwa pano akhala m'mudzi wina wa m'Cigawo ca Kum'mawa, makilomita oposa 30 kucokera ku boma. Dzina lace silichulidwa, pakuti iye ndi amene anamlakwira akumanabe pa maliro ndi pa cigayo kufikira lero. Anakwatiwa citengwa, nakhala kwao kwa mwamuna zaka 16, nabala ana anai. Mwamunayo anamwalira mu 2022, cimanga citangolowa m'nkhokwe, atadwala masiku owerengeka okha. Anasiya ng'ombe ziwiri zapagoli, ngolo, pulawo ndi lamya yaing'ono ya mabatani.

Maliro atatha, mng'ono wa malemuyo anaonetsa kuti afuna kulowa cokolo. Maiyo anakana mwaulemu pamaso pa akulu, nati, "Alamu, ndisiyeni ndilere ana a akulu anu. Za banja ine ndathana nazo." Akulu anamva, namsudzula monga mwa mwambo, ndipo anabwerera kwao kwa amace pamodzi ndi ana. Ng'ombe ndi ngolo zinatsata ana, cifukwa mnyamata woyamba ndiye anali kulima nazo atate ace ali moyo. Mlamuyo sananene kanthu tsiku limenelo. Anangotola cipewa cace ndi kucoka.

Uthenga woyamba unafika mu Januwale 2023, anthu ali mkati mopalira. Unacokera ku nambala yacilendo, wopanda dzina, ndipo unangoti ng'ombe za banja zibwerere kumene zinacokera. Apa payenera kuchulidwa cinthu cimene anthu a m'tauni aiwala akamakamba nkhani zotere. Maiyu analekeza sukulu mu Giredi 3. Manambala awadziwa, maina a anthu awazindikira, koma uthenga wautali umtengera nthawi, makamaka usiku pa kuwala kocepa. Motero mauthenga onse a m'nyumbamo anali kuwerengedwa ndi mwana wace wamkazi wa zaka 13, amene anali mu Giredi 7. Mlamuyo anali kudziwa zimenezi bwino lomwe, pakuti anakhala nao mudzi umodzi zaka zonse zija.

Sabata yaciwiri mau anasintha. Usiku wina mtsikanayo anayamba kuwerenga mokweza monga mwa masiku onse, ndipo atachula mau atatu anaima.

"Werenga, mwanawe. Wangoti cete bwanji?"

"Amama, awa si mau owerenga."

Kuyambira pamenepo mwanayo anayamba kunamiza amace. Lamya ikalira, iye anali kuyang'ana ndi kunena kuti ndi a kampani ya lamya aitanira malonda ao. Kwa masabata awiri anasenza yekha mau amene munthu wamkulu sangawanene pamaso pa mwana: kuti amace anapha atate ace ndi mankhwala kuti adye cuma, kuti amace ndi mkazi wa mwamuna aliyense, kuti nyumba ya udzu sicedwa kupsa. Wolemba mauwo anali atate ace aang'ono, munthu amene anamnyamula pa phewa ali khanda, ndipo mwanayo anazindikira kalembedwe kao. Anayamba kugona cogalamuka, kumvetsera mapazi kuseri kwa nyumba. Tsiku limene anaulula linali limene kunabwera uthenga wakuti maiyo adzatsata amuna ace mvula isanathe. Pamenepo mwanayo analira, nawerenga zonse zimene zinatsala m'lamyamo.

Cimene maiyo anacita ndico cimene anthu ambiri acita. Anauza mwanayo kuti afufute zonse, pasatsale ngakhale liu limodzi. Manyazi anali pamenepo, inde, komanso panali mantha ena: kusunga mau a imfa m'nyumba yogonamo ana kunali kwa iye monga kusunga nyanga ya munthu wina pansi pa mphasa. Ndiponso lamya ya mabatani sicedwa kudzaza. Motero mauthenga onse a mwezi woyamba anapita, ndipo ena mwa iwo ndiwo anali oopsa koposa.

Anansi anampatsa uphungu wacidule: tayani simuyo, mugule ina. Uphungu umenewu umveka wanzeru kwa munthu amene lamya yace ndi yocezera cabe. Koma nambala imeneyo ndiyo inali kudziwika kwa mlongo wace wa ku Kitwe, amene amtumizira ndalama pa lamya mwezi ukatha. Ndiyo inalembedwa ku koperativu ya feteleza, ndiponso kusukulu kwa ana. Kusintha nambala kukanafuna ulendo wa ku boma ndi kuuza anthu onsewo, ndipo pa mudzi nambala yatsopano sigona sabata isanafike kwa amene muibisira. Ciri cinthu cacilendo ndithu kuti mbala ikabvuta, anthu auza mwini nyumba kuti asamuke.

Anapita kwa nyakwawa, monga ayenera munthu wa pamudzi. Nyakwawayo inatumiza mau kwa mfumu inzace ya mudzi wa mlamuyo, ndipo patapita masiku anakhala pansi. Mlamuyo anaturutsa lamya yace, naiika pa mphasa, nati, "Mfumu, nambala yanga ndi iyi, aliyense aidziwa. Imene anena alamu angayo ine sindiidziwa." Ndipo zinali zoona kuti nambalazo zinali zosiyana. Akulu anayang'anana. Wina anakumbutsa kuti cibale ndi fupa, siciola. Wina ananong'ona kuti khoswe akakhala pa mkhate sapheka. Analangiza onse awiri kuti akhale mwamtendere, ndipo usiku womwewo mauthenga anabwera asanu.

Bwalo la mfumu siliyenera kupeputsidwa. Milandu yambiri ya kutukwana ithera pamenepo, ndipo ithera bwino, popanda ndalama ya basi. Koma nyakwawa iribe mphamvu yofunsa kampani ya lamya kuti nambala yakuti ndi ya yani. Wolakwa akakana, bwalolo lafika pa malire ace.

Amene anatsegula njira anali mphunzitsi wamkazi wa mtsikana uja. Anaona kuti mwana amene anali kutsogola m'kalasi wayamba kuodzera ndi kulemba zosamveka, namuitana pambali. Loweruka lace mphunzitsiyo anapalasa njinga kufika kunyumba kwa maiyo. Mau ace anali ocepa. "Amai, kuyambira lero musafufute kanthu. Ngakhale mau anyanse bwanji, asiyeni momwemo. Ndipo musayankhe." Maiyo anali atakonza kale mau ace obwezera, akuthwa ndithu, ndipo kuwameza kunamuwawa. Koma mphunzitsiyo anafotokoza kuti munthu akabwezera kutukwana, woweruza aona anthu awiri otukwanizana, ndipo mlandu umene unali woyera ucita matope.

Anapereka kope latsopano la sukulu. Uthenga uliwonse ukafika, unali kulembedwa m'kopemo: tsiku, ola, nambala, ndi mau onse monga momwe aliri, osakonza ngakhale cilembo. Nchito imeneyi mphunzitsiyo anaicotsa m'manja mwa mwana, naipereka kwa msuwani wa maiyo, munthu wamkulu. Iye mwini anali kubwera Loweruka liri lonse kudzajambula mauthengawo ndi lamya yace yaikuru, kuti ngati ya mabataniyo igwa m'madzi kapena kubedwa, zithunzi zitsale. Pofika mu Epulo kopelo linali ndi mauthenga oposa 40.

Ulendo woyamba wa ku polisi unapita pacabe. Anafika masana, napeza kuti wogwira nchito za madandaulo otere wapita kwina, ndipo amene anali pa tebulo anamuuza kuti abwere tsiku lina. Ndalama ya basi inali ya nshawa zimene anagulitsa. Akadakhala wina akadalekera pomwepo, ndipo ambiri alekeradi pomwepo. Iye anabweranso sabata yotsatira, m'mamawa, pamodzi ndi msuwani wace, nafunsa mwacindunji ofesi ya Victim Support Unit, monga anamlangizira mphunzitsi. Nthambi imeneyi ya polisi inakhazikitsidwa mu 1994, ndipo nchito yace ndiyo kuona madandaulo a akazi, ana ndi okalamba, pamodzi ndi nkhani za kulanda cuma ca masiye. Wapolisi wamkazi amene anampeza anawerenga kopelo kuyambira tsamba loyamba kufikira lotsiriza osanena kanthu, nayerekeza ndi zimene zinali m'lamya, ndipo atatha anati, "Amai, mwacedwa kubwera, koma mwabwera ndi zonse."

Malamulo amene akhudza nkhani yotere ndi angapo, ndipo ena ndi akale kuposa lamya zimene. Lamulo la milandu ya upandu, lochedwa Penal Code, liletsa kuopseza munthu kuti udzampweteka, ndipo lipereka cilango ca zaka zofika 7 m'ndende kwa munthu wotumizira mnzace mau olembedwa omuopseza kuti adzamupha. Lamulo la za ufiti, Witchcraft Act, limene liripo kuyambira mu 1914, linena kuti kuchula munthu kuti ndi mfiti ndi mlandu. Ambiri adabwa akamva zimenezi, pakuti m'midzi mau amenewa aturuka mosabvuta munthu akafa mwadzidzidzi, ndipo agwera makamaka pa akazi amasiye ndi nkhalamba. Wolemba mau otere pa lamya wadzilembera yekha umboni.

Panalinso lamulo latsopano pa nthawi imeneyo, Cyber Security and Cyber Crimes Act la mu 2021, limene linachula poyera kuti kubvutitsa kapena kuopseza munthu ndi mauthenga a pa lamya kapena pa kompyuta ndi mlandu, ndipo cilango cace cinali kufika zaka 5 m'ndende, kapena faindi, kapena zonse ziwiri. Lamulo limeneli linacotsedwa mu 2025, ndipo m'malo mwace munalowa malamulo awiri, Cyber Security Act ndi Cyber Crimes Act. Laciwirili ndilo lisunga tsopano mlandu wa kubvutitsa ndi kunyazitsa munthu ndi mauthenga. Malamulo a mu 2025 anadzetsa mtsutso waukuru, ndipo bungwe la maloya la Law Association of Zambia linadandaula kuti mbali zina zingathe kupondereza ufulu wa kulankhula ndi cinsinsi ca anthu. Mtsutso umenewo ndi wofunika, koma sucotsa kanthu pa dandaulo la mai amene auzidwa usiku kuti nyumba yace idzapsa.

Lamulo limene linamthandiza koposa linali la mu 2011 loletsa nkhanza za pakati pa amuna ndi akazi, Anti-Gender-Based Violence Act. Anthu ambiri aganiza kuti limeneli ndi la mkazi womenyedwa ndi mwamuna wace basi. Koma liwerenganso monga nkhanza kuimbira munthu lamya mobwerezabwereza, ngakhale woimbayo asanene kanthu, ndiponso kumtumizira kawirikawiri makalata kapena mauthenga onyoza. Lichula kukakamiza cokolo ndi kulanda cuma ca masiye. Ndipo silithera pa okwatirana okha, pakuti lifikanso pa acibale a mwa ukwati, monga mlamu. Pansi pa lamulo limeneli munthu angapemphe khoti ya mejasitireti kuti impatse cikalata ca citetezo, cimene cilamula wobvutitsayo kuti aleke. Ngati wobvutitsidwayo sangathe kupita yekha, wapolisi, namwino, mphunzitsi, mtsogoleri wa mpingo kapena mfumu angathe kumpemphera. Khoti ikaona kuti pali ngozi, iyamba yapereka cikalata ca kanthawi mlandu usanamvedwe. Wophwanya cikalata cotere angathe kumangidwa zaka zofika 2. Mu 2016 Boma linatsegula makhoti ofulumiza milandu ya nkhanza ku Kabwe ndi ku Lusaka, ndipo pambuyo pace ina inatsegulidwa ku Chipata, koma khoti ya mejasitireti ya pa boma liri lonse iri nayo mphamvu yopereka cikalataci.

Cotsala cinali nambala ija yacilendo. M'dziko lino simu iriyonse, ikhale ya MTN, Airtel kapena Zamtel, iyenera kulembetsedwa ndi citupa ca mwini wace. Lamulo limeneli linaikidwa mu 2011, ndipo bungwe la ZICTA ndilo liyang'anira. Munthu wamba sangapite ku kampani ndi kufunsa dzina la mwini nambala. Adzamkaniza, ndipo ayenera kumkaniza. Apolisi ndiwo apempha, ali ndi cilolezo ca khoti. Yankho linatenga masabata, ndipo litabwera dzina silinali la mlamuyo. Linali la mnyamata wina wa m'mudzi mwao, wa zaka zosakwana 25, amene maiyo anamdziwa kuyambira ali wamng'ono.

Mnyamatayo ataitanidwa ananjenjemera. Anafotokoza kuti caka capitaco mlamuyo anampempha kuti amgulire simu pa citupa cace, ponena kuti cace anaciiwala kunyumba, nampatsa ndalama ya zakumwa. Iye sanaganizenso za simuyo kufikira tsiku limenelo. Mcitidwe umenewu ndi wofala pa misika, ndipo anyamata auona monga kukoma mtima. Koma simu yolembedwa m'dzina lanu ikacita zoipa, apolisi ayamba kugogoda pa citseko canu, ndipo cikhala kwa inu kufotokoza kumene inapita. Mnyamatayo anapulumuka cifukwa ananena zoona msanga, ndiponso cifukwa mauthengawo anali kuchula zinthu za m'banja zimene iye sakanazidziwa.

Apa maiyo anafika pa mphambano. Wapolisi anamfotokozera kuti pali njira ya mlandu wa upandu, imene ingathe kufikitsa mlamuyo kundende, ndiponso pali njira ya cikalata ca citetezo, ndi kuti kutenga cikalata sikutseka njira inayo. Maiyo anakhala cete nthawi yaitali. Apongozi ace, amai a malemu, ali moyo, ndi okalamba, ndipo ataya kale mwana mmodzi. Mlamuyo ndiye awagulira mcere ndi sopo. Ana ace anai ndi adzukulu a nyumba imeneyo, ndipo tsiku lina adzafuna kukaona manda a atate ao. Anati, "Bwana, ine sindinabwere kudzamangitsa munthu. Ndifuna mwana wanga agone tulo." Alipo amene adzanena kuti anacita mantha, ndi kuti munthu woopseza kupha ayenera kulawa ndende kuti ena atengerepo phunziro. Mau amenewo ali ndi nzeru yace. Koma onenawo sadzakhala m'mudzimo mlandu utatha. Ndipo ayenera kukumbukira kuti maiyu anayenda ulendo wa ku boma kawiri, pamene akulu onse anamuuza kuti akhale pansi.

Cikalata ca kanthawi cinaperekedwa, ndipo wapolisi anakacipereka kwa mlamuyo m'manja. Pa tsiku la mlandu iye anabwera atabvala jekete, ali ndi acibale awiri. Poyamba anakana monga anakanira pa bwalo la mfumu. Pamenepo mnyamata wa simu anaimirira, nanena zace. Woweruza anatenga lamya ya mabatani ija ndi kope, nayerekeza masiku ndi maola, pakuti lamulo la mu 2021 la Electronic Communications and Transactions Act lilola uthenga wa pa makina kulandiridwa monga umboni, malinga khoti ikhutire kuti sunasinthidwe. Ndipo analamula womasulira wa khoti kuti awerenge mauthenga ena mokweza.

Mau olembedwa mumdima, munthu atamwa kapena atapsa mtima, amveka mwa mtundu wina akawerengedwa masana ndi munthu amene angogwira nchito yace, mosakweza ndi mosatsitsa liu, nachula tsiku ndi ola pa uthenga uliwonse. Womasulirayo atafika pa uthenga wa nyumba ya udzu, mmodzi wa acibale aja anaturuka panja. Mlamuyo anayang'ana pansi. Woweruza atamfunsa ngati adziwa amene anali kuwerengera maiyo mauthengawa m'mwezi woyamba, sanayankhe. Anafunsidwa kaciwiri, nati, "Mwana." Mtsikanayo sanaitanidwe kukhoti, tsiku limenelo anali m'kalasi.

Za mwezi woyambawo khoti inangomva ndi pakamwa, pakuti mauthenga ace anafufutidwa. Uthenga uja wakuti adzatsata amuna ace, umene ukadalemera koposa onse, panalibe. Otsalawo anakwanira, koma akadatsata uphungu wa kutaya simu, kapena akadapitiriza kufufuta, sipakadakhala kanthu koika pa tebulo la woweruza.

Cikalata cinaperekedwa ca miyezi 12. Cinaletsa mlamuyo kutumiza uthenga uliwonse kwa maiyo, kumuimbira, kutuma munthu wina kuti acite zimenezo, ndi kufika pa khomo pace. Woweruza anamcenjeza kuti kugula simu ina sikudzamthandiza, pakuti cikalataco ciletsa munthu, osati nambala.

Panali khomo linanso limene maiyo akadagogoda. Khoti yaing'ono, Local Court, imva milandu ya kutukwana ndi kuipitsa mbiri monga mwa mwambo, ndipo ingathe kulamula wolakwa kulipira wolakwiridwa. Kumeneko maloya saimirira anthu. Munthu adzinenera yekha m'cinenero cace, atagula samani. Kwa munthu amene wanyozedwa cabe, wosaopsezedwa, ndipo wonyozayo adziwika, khomo limeneli ndilo lapafupi. Maiyo sanafune dipo la mlamu wace. Anapita ku Local Court pa nkhani ina, ya ng'ombe, imene inali muzu wa zonse.

Tsono mtengo wa cilungamo cimeneci uyenera kuwerengedwa poyera. Maulendo a ku boma anakwana asanu, ena a anthu awiri. Nshawa zinatha, mbuzi imodzi inagulitsidwa, ndipo munda wina unakololedwa mocedwa. Lamulo ndi limodzi kwa wa ku Lusaka ndi wa kumudzi, koma wa ku Lusaka akwera basi imodzi ndi kubwerako dzuwa lisanapendeke. Ziripo njira zocepetsera mtolowu zimene maiyo anazidziwa mocedwa. Nambala ya 933 ndi yaulere, ndipo oyankha alangiza anthu okumana ndi nkhanza kumene angapite. Nambala ya 116 ndi ya ana, ndipo atsikana a sukulu amene alandira mauthenga onyansa ocokera kwa amuna akuluakulu angaimbe okha. Bungwe la Legal Aid Board lithandiza anthu osowa ndalama ya loya. Kuimba coyamba kungapulumutse munthu ku ulendo wopita pacabe. Ndipo amuna asaganize kuti malamulowa ndi a akazi okha; mwamuna wobvutitsidwa ndi mauthenga ali ndi makomo omwewa.

Mauthenga analeka. Patapita miyezi itatu lamya inalira usiku kawiri kucokera ku nambala ina, ndipo atayankha kunali zii. Msuwani uja analemba tsiku ndi ola m'kope, koma sizinacitikenso, ndipo maiyo sanapite nazo kwina. Miyezi 12 itatha mu 2024 sanapemphe kuti cikalata cionjezedwe, ngakhale lamulo lilola, cifukwa ndalama ya ulendo inafunika ku yunifomu ya mtsikanayo, amene anakhoza mayeso ndi kupita ku Giredi 8. Cikalataco acisunga m'pepala la pulasitiki pamodzi ndi makhadi a ku sikelo a ana. Ndi mlamu wace apatsana moni pa maliro, wa pakamwa, osagwirana dzanja.

Nkhani ya ng'ombe inaweruzidwa motsata lamulo la cuma ca masiye la mu 1989, limene ligawa magawo 50 pa 100 kwa ana, 20 kwa mkazi kapena mwamuna wotsala, 20 kwa makolo a malemu ndi 10 kwa ena amene malemuyo anali kuwasunga. Mlamuyo sanapezepo gawo, koma amace anali nalo lao, ndipo maiyo sanatsutse. Popeza ng'ombe siidulidwa pakati iri yamoyo, imodzi inagulitsidwa kuti apongoziwo alandire zao, ndipo zotsala zinasungidwira ana kusukulu. Yatsala imodzi, ndi ngolo, ndi goli la ziwiri. Nthawi yolima ikafika mnyamata wace woyamba abwereka ng'ombe ya mnansi kuti aphatikize, ndipo alipira thumba limodzi la cimanga pokolola.